Kasitomala sakukumvani muli pa njinga: mahedifoni a chingwe, a Bluetooth kapena kachida ka pa helemeti?

Achimwene anga a kabaza, makamaka inu a kuno kuchigwa kuyambira pa Thabwa, Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula, nkhani iyi ndachedwa nayo dala chifukwa ndimafuna ndiyese kaye zonsezi pa msewu ndekha osati kungomva za m'maluwa. Vutoli mukulidziwa. Foni yalira, mwayankha, inu mukumumva munthuyo bwinobwino koma iye akungoti halo halo, muli kuti kodi, sindikukumvani, kenako wadula nkuyimbira wina wa pa siteji pomwepo. Ine chaka chatha nthawi yotentha ija anandithawa mayi ena a geni ya nsomba amene ndinkawanyamula pafupifupi tsiku lililonse, ndipo atandipeza pa msika anandiuza mosabisa kuti bambo, foni yanu imangolira mphepo, ine nsomba sizingadikire. Zinandiwawa chifukwa sanalakwe.

Ndiyambe ndi njira imene ambirife tinayambira, yopanikiza foni pakati pa tsaya ndi helemeti. Imamveka bwinoko ndithu chifukwa maiki ya foniyo imakhala pafupi ndi pakamwa, koma ndikupempheni tisiye. Kuti foni ilowe ndiye kuti helemeti ndi yokhwepa kapena lamba sanamangidwe, thukuta limalowa mu kabowo ka maiki, nde mukagunda dzenje limodzi pa msewu wa ku East Bank foni ili pansi, galasi laphwanyika. Basi pamenepo sindikhalitsapo.

Mahedifoni a chingwe, aja timagula pa benchi pa msika, ali ndi ubwino umene anthu amaunyozera. Safuna tchaji, safuna kulumikiza chilichonse, mwalowetsa basi zatheka, ndipo akaduka simulira kwambiri. Kuno kumene magetsi amatha kuzima tsiku lonse chimenecho si chaching'ono. Koma maiki yake imalendewera pa chifuwa, pamene mphepo imamenya kwambiri, nde mukangodutsa liwiro la m'tauni mnzanu uja akumva phokoso lokhalokha. Chimene ndinapeza nchakuti mukaikoka maikiyo nkuimangirira pa lamba wa helemeti pansi pa chibwano, nkuikulunga kasiponji kakang'ono, zimasintha kwambiri, mpaka munthu amamva mawu onse ngati simukuthamanga.

Musanagule yang'anani kachitsulo kolowetsa mu foni kaja. Kakhale ndi mizere itatu yakuda kapena yoyera. Ka mizere iwiri ndi komvera nyimbo kokha, maiki mulibe, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Palinso ena a mizere itatu koma mawaya a maiki anawaika mosemphana, a mtundu wakale wotchedwa OMTP pomwe mafoni ambiri a masiku ano amayendera CTIA, nde mukalowetsa nyimbo imamveka ngati ili m'madzi ndipo maiki siigwira mpaka mutadina kabatani nkukagwira osasiya. Mukaona choncho musati foni yafa ayi, sinthani mahedifoni. Ndipo fumbi lathuli limadzaza mu dzenje la jeki, kachitsulo nkumalephera kufika kumapeto. Kamtengo kotokosera m'mano, foni itazimitsidwa, kamachotsa zinyalala zambiri zoti simungakhulupirire. Singano ayi.

Timahedifoni ta Bluetooth topanda chingwe tija achinyamata akutikonda, ine kwa munthu wa pa njinga sinditivomereza, ndipo ndinena chifukwa chake. Maiki yake ili kukhutu, kutali ndi pakamwa, imadalira nzeru za mkati kuti isiyanitse mawu anu ndi phokoso. M'nyumba zimatheka. Pa njinga mphepo ikachuluka kamakina kaja pofuna kudula mphepo kamadulanso mawu anu omwe, nde kasitomala amamva mawu odukaduka ngati netiweki yavuta pomwe netiweki ili bho. Povala helemeti kamodzi kamasunthika, povula kamagwa mu fumbi. Koma chimene chinandisiyitsa kwenikweni nchakuti timatseka makutu. Nyengo yodula nzimbe pa Nchalo pamakhala mathirakitala ndi zimagalimoto zikuluzikulu, ku Ngabu ng'ombe ndi mbuzi zimangolowa mu msewu, ndipo wa kabaza makutu ndi maso ake akumbuyo. Ngati ndi zokhazo zimene muli nazo valani ka khutu limodzi lokha, ndipo foni ikalira imani kaye.

Tsopano kachida komata pa helemeti, kamene kali ndi masipika awiri apyapyala olowa mkati pafupi ndi makutu ndi maiki yakeyake. Apa ndi pamene ndikhalitse chifukwa anzanga angapo anagula nkutaya mu bokosi ati ndi zabodza, pomwe vuto linali kaikidwe. Zida zimenezi zambiri zimabwera ndi maiki ziwiri. Ina ili pa kamtengo kopindika kamene kamatulukira kutsogolo kwa kamwa, imeneyo ndi ya helemeti yotsegula kumaso kapena yotukula chibwano. Inayo ndi kabatani kakang'ono ka pa waya komata mkati, ndi ya helemeti yotseka nkhope yonse, imamatidwa pa chibwano cha helemeti moyang'anana ndi milomo. Kuno chifukwa cha kutentha, mwezi wa Okutobala ndi Novembala dzuwa likadutsa madigiri 40, ambirife timavala yotsegula, nde ya kamtengo ndi imene ikutikhudza. Ndaonapo munthu atamata ka waya kaja m'mbali mwa tsaya pa helemeti yotsegula nkumadandaula kuti sakumveka. Sangamveke, kali kutali ndipo kali pa mphepo.

Ya kamtengo nayo ili ndi malamulo ake. Ikhale pafupi zedi, moti mukatulutsa milomo mukhudze siponji yokutira maikiyo. Kusiyana kwa chala chimodzi kapena ziwiri kumasintha zonse, chifukwa mawu akatalikira pang'ono mphamvu yake imatsika msanga pomwe mphepo ili chimodzimodzi. Maikiyo ilinso ndi kumaso ndi kumbuyo. Pa za Sena, kampani ya ku South Korea ija (dzinali silikukhudzana ndi Chisena chathu ayi), mukavula siponji mupeza kachipsepse pa mutu wa maiki, kamayenera kuloza kunja, kutali ndi milomo. Pa zina pamakhala kadontho kapena kamuvi. Ikatembenuka, ndipo imatembenuka yokha mukamakoleka helemeti pa hendulo, maiki imamvetsera msewu mmalo momvetsera inu. Ine ndinayenda masabata awiri ndikuganiza kuti chida changa chafa, chonsecho mutu wa maiki unangozungulira. Siponji nayonso si chokongoletsera, ndi imene imaphwanya mphepo isanafike pa kabowo. Ikang'ambika kapena ikauma ndi fumbi losakanikirana ndi thukuta mawu amamveka ngati mwatseka pakamwa ndi nsalu. Ivuleni, muichape ndi sopo pang'ono, iume kaye ndithu musanabwezere.

Amene muli ndi helemeti yotseka, mwayi wanu ndi woti mphepo yambiri imatsekeredwa kunja ndipo kwa womvera uko imeneyi ndi imene imamveka bwino kuposa zonse, sindingakane. Koma musamate maiki pa timabowo tolowetsa mpweya ta pa chibwano. Isunthireni pambali pang'ono. Ndipo guluu wa zomatira zija salimba ndi kutentha kwa kuno, mudzangoona maiki yagwera m'khosi, nde pukutani malowo aume musanamate ndipo muziyang'anapo kawirikawiri.

Funso limene ambiri amandifunsa ndi lakuti kodi tigule zodula za Sena kapena Cardo, kapena zotchipa zopanda dzina lodziwika zimene zimapezeka m'mashopu a mafoni ku Limbe ndi zobwera ndi abale ochokera ku Joni. Zodulazo nzabwino, zimasefa mphepo bwino, zili ndi pulogalamu ya pa foni yosinthira zinthu, ndipo maiki ikafa mutha kupeza ina yokha osagula chida chonse. Koma zikuluzikulu zake zimadutsa madola 300, ndipo gawo lalikulu la ndalamayo mukulipirira zoti anthu ambiri oyenda pa gulu azilankhulana helemeti ndi helemeti popanda foni, chinthu chimene ife a kabaza sitichifuna kwenikweni. Ife chathu nchakuti kasitomala amve kuti ndili pa buliji ya Kamuzu ndifika posachedwa. Chotchipa chokhala ndi maiki ya kamtengo yoikidwa bwino chimagwira ntchito imeneyo. Kufooka kwake kumakhala pa kapulagi kolumikiza maiki ndi chidacho, kamakhwepa ndi kugwedezeka kwa misewu ya fumbi, komanso madzi. Changa chinayamba kuvuta mvula yoyamba, ndinapeza kuti kapulagi kachita dzimbiri. Pogula muyeseretu pa shopu pomwepo, muyimbire munthu amene ali kutali akuuzeni mmene akumvera, osangomvera nyimbo nkukhutira.

Ndanena za nyimbo dala. Bluetooth ili ndi njira ziwiri zosiyana, ya nyimbo imatchedwa A2DP ndipo ya kuyimba foni imatchedwa HFP, maiki imagwira pa yachiwiriyi pokha. Nde nzotheka ndithu kuti nyimbo zikumveka bwino mu helemeti koma foni ikalira maiki imene ikugwira ndi ya foni imene ili m'thumba la buluku. Kasitomala amamva kukwechesa kwa nsalu ndi injini. Kuti mudziwe, imani, muyimbire mnzanu, mukande siponji ya maiki ya helemeti ndi chala, kenako mukande pansi pa foni, iye akuuzeni kumene wamva kukanda. Ngati ndi ku foni, pitani ku Settings, Bluetooth, dinani kagiya kali pambali pa dzina la chida chanu, muone ngati Phone calls kapena Call audio ndi yoyatsa, chifukwa pena mumapeza yoyatsa ndi Media audio yokha. Zikakanikabe chifuteni chidacho mu foni, muzimitse zonse ziwiri, mulumikizenso mwatsopano. Zida zina zili ndi njira yolumikizira nyimbo zokha, nde ngati munadina batani molakwika tsiku loyamba maiki sidzagwira mpaka mutayambiranso.

Ambirife timayenda ndi mafoni awiri, ina ya Airtel ina ya TNM, kapena yaikulu ndi ka mabatani. Zonse ziwiri zikalumikizidwa ku chida chimodzi, makamaka zotchipazi, zimalimbirana njira ya maiki ija. Ine ndinasankha imodzi ya makasitomala, inayo Bluetooth ndinazimitsa, mavuto ambiri anathera pomwepo. Za WhatsApp nazo nzina. Kuyambira pa Android 12 pulogalamu imafunika chilolezo cha Nearby devices kuti igwiritse ntchito Bluetooth poyimba, nde ngati munakana tsiku limene inakufunsani, foni wamba iziyenda bwino koma ya WhatsApp izivuta. Ndipo ma voice note pa mafoni ambiri amajambulidwa ndi maiki ya foniyo ngakhale chida chili cholumikizidwa, choncho musayesere maiki ya helemeti ndi voice note, mudzainamizira.

Kuyesa kwabwino kumafuna mnzanu woleza mtima ndi mayunitsi pang'ono. Muyimbe mutaima injini itazima. Kenako injini ikulira koma mutaima. Kenako mukuyenda pang'onopang'ono pa malo opanda magalimoto. Likavuta poyamba pomwepo ndi zoikamo za foni kapena pulagi. Likayamba mukayenda ndi mphepo, siponji ndi malo a maiki. Ngati nonse awiri simukumvana, inu simukumumva iyenso sakukumvani, ndipo zimachitika malo omwewo nthawi zonse, monga m'makhota ena potsika phiri kuchokera ku Blantyre, imeneyo ndi netiweki, musavutike kumasula helemeti.

China chimene chimapha zida zathu kuno ndi dzuwa. Timasiya helemeti pa hendulo masana onse ife tili pa mthunzi wa nimu kapena wa msawu, kabatire ka mkati kakupsa. Mabatire amenewa safuna kutchajidwa atatentha kupitirira madigiri 45, ndipo chinthu chakuda chosiyidwa pa dzuwa la ku Nsanje chimadutsa pamenepo mosavuta. Batire ikafooka chida chimayamba kuduladula pakati pa foni, munthu nkumati maiki. Helemeti muzipita nayo pa mthunzi, ndipo muzitchaja usiku kukazizirako.

Pano ine ndikuyenda ndi chotchipa cha maiki ya kamtengo pa helemeti yotsegula yokhala ndi galasi lalitali lofika pa chibwano, galasilo limathandiza kwambiri kutchinga mphepo, ndipo m'thumba la jekete mumakhala mahedifoni a chingwe a tsiku limene magetsi sanabwere. Foni ikakhala ya nkhani yaitali, ya mtengo kapena yolondolera njira, ndimapatukabe nkuima, pa njinga ndimangoyankha kuti ndamva ndikubwera. Siponji yoyamba inatayika kale pa msewu wa ku Chapananga, imene ilipo ndinadula ku matiresi akale nkumanga ndi kalekeni kopyapyala, ndimasintha ikangoyamba kuuma. Pa kapulagi ndakulungapo selotepi yakuda ya magetsi podikira mvula ya Disembala, ndipo mayi a nsomba aja anayambanso kundiyimbira mwezi wathawu.