Labu yomwe imasunga zotsatira zakale za amayi anga: nyenyezi 4 pa 5

Amayi anga akhala ndi matenda a shuga kuyambira 2016, ndipo adokotala anatiuza kuti tiziyezetsa magazi miyezi itatu iliyonse. Titabwerako kawiri kuchipatala osayezedwa chifukwa zoyezera zinali zitatha, tinayamba kupita ku labu ina yoyima payokha kuno ku Blantyre. Tapitako kanayi tsopano.

Mukafika amalowetsa dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni mu kompyuta, ndipo kamakina kamatulutsa timapepala ta barcode. Mtsikana wotenga magazi asanabaye jakisoni amawerenga dzina mokweza n'kufunsa kuti, "Agogo, ndinu omwewa?" Amayi akavomera m'pamene amamata timapepalato pa timabotolo, kachivindikiro kapepo koyezera shuga (HbA1c) ndi kena koyezera impso. Zimenezi zimandikhazika mtima pansi, chifukwa ine ndinazolowera dzina lolembedwa ndi bolopeni, lomwe limafufutika botolo likangonyowa.

Chomwe chandichititsa kulemba ndemangayi ndi chakuti pulogalamu yawo siiwala. Zotsatira zimabwera pa WhatsApp tsiku lotsatira, ndipo pafupi ndi nambala yatsopano pamakhala za maulendo apitawo. HbA1c imaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ya amayi tinaiona ikutsika kuchoka pa 9.2 kufika pa 7.6. Tinasangalala. Koma pamzere wapansi creatinine, yemwe amakwera m'magazi impso zikamafooka, anali kukwera pang'onopang'ono, ulendo uliwonse kakang'ono, koti mutaona pepala limodzi lokha simungadandaule. Adokotala ataona manambala onse atandandalikidwa pamodzi, ndi eGFR (nambala yoonetsa mphamvu ya impso) itatsika kufika pansi pa 45, anachepetsa mankhwala a shuga a metformin tsiku lomwelo, poti impso zikafooka mankhwalawa satuluka bwino m'thupi. Tikanadalira timapepala tomata m'kabuku ka kuchipatala, tina titazimiririka kale, sindikhulupirira kuti zikanaoneka msanga chonchi.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha zomwe zinachitika ulendo wachitatu. Wapakauntala analemba dzina la bambo wa amayi ndi "r" pomwe kale linalembedwa ndi "l". Kwa ife Amalawi limenelo ndi dzina limodzi, koma kompyuta inawatenga ngati munthu watsopano, ndipo zotsatira zinabwera zopanda mbiri iliyonse. Pa foni anakana kukonza, moti ndinakwera minibasi kubwererako ndi chiphaso cha amayi kuti aphatikize mafailo awiriwo. Anapepesa ndipo anakonza ndili pomwepo, koma tsiku langa la ntchito linapita. Ziphaso za unzika tili nazo kuyambira 2017. Bwanji osafufuza munthu ndi nambala ya pachiphaso m'malo modalira kalembedwe ka dzina?

Palinso nkhani ya miyezo. Labu imalemba shuga mu mmol/L pomwe kamakina kathu ka kunyumba kamaonetsa mg/dL. Amayi ataona 8 papepala ndi 144 pa kamakina anaganiza kuti kena kakunama, ndipo usiku umenewo sanagone. Ndi nambala yomweyo, mumangochulukitsa ndi 18. Kamzere kamodzi kofotokoza zimenezi pansi pa pepala kangapulumutse okalamba ambiri ku nkhawa.

Ndinawapemphanso kuti aziika nambala yachinsinsi pa PDF ya zotsatira yomwe amatumiza pa WhatsApp. M'mabanja mwathu foni imagwiridwa ndi anthu angapo, ndipo si matenda onse omwe munthu angafune kuti mdzukulu awerenge. Anati akambirana ndi amene anawapangira pulogalamuyo.

Mitengo ndi yokwera ndithu, makamaka mukayezetsa zinthu zitatu nthawi imodzi, koma amalandira Mpamba ndi Airtel Money. Ngati mukukayezetsa shuga wa m'mawa, pitani musanadye kwa maola 8 ndipo mulawirire, chifukwa ikamakwana 9 koloko mzere umakhala utafika pakhomo. Ife tibwereranso ikakwana miyezi itatu, chiphaso chili m'manja.