Thread.sleep, CountDownLatch kapena Awaitility, tizidikira bwanji mu ma test a Java?

Anzanga olemba khodi ya Java, nkhani iyi inandizunguza mutu miyezi ingapo. Test ikudutsa bwinobwino pa laputopu yanga, ndikaikankhira ku seva ya CI (yomwe imayendetsa ma test yokha khodi ikasintha) ikugwa, kuiyendetsanso osasintha kanthu yadutsa, mawa lake yagwanso. Chomwe ndimayesacho chinali chaching'ono zedi, munthu akalipira, service imatumiza uthenga wotsimikizira pa thread ina (mzere wina wa ntchito woyenda nthawi yomweyo mu pulogalamu), ndiye test imayenera kuona kuti uthengawo walowa mu list. Basi. Koma vuto ili lili paliponse, mu 2016 a Google ananena kuti pafupifupi 16% ya ma test awo amagwa nthawi zina popanda chosintha, ndipo kafukufuku wa 2014 wa ku University of Illinois yemwe anayang'ana ma commit okonza ma test otere m'mapulojekiti a Apache anapeza kuti choyambitsa chachikulu ndi kudikira molakwika ntchito ya async (yochitikira kumbali n'kutha pa nthawi yake), kenako ma thread kulimbirana deta.

Thread.sleep ndi yomwe tonse timayambira. Ukulemba sleep(500) ndiye ukungoganizira kuti theka la sekondi lakwana, pa makina ako lakwanadi koma seva ya CI ikugawana purosesa ndi ntchito zina, tsiku lina ntchitoyo yatenga ma millisecond 600 ndipo test yagwa. Ukakweza kufika 2000 yadutsa, koma ma test 150 otere ndi mphindi 5 zongokhala pa build iliyonse, ngakhale ntchito yeniyeni inatha kalekale. Chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti sleep silonjeza kuti thread ya test iona zomwe thread ina yalemba, malamulo a Java amanena zimenezi poyera. Ngati list yako ndi ArrayList wamba kapena variable ilibe volatile (liwu lopangitsa ma thread onse kuona zomwe zalembedwa mu variable), kudikira kwa nthawi yaitali sikukonza chilichonse. Ine iyi ndinaisiya.

CountDownLatch ndiye imandisangalatsa chifukwa siyerekeza nthawi, imadikira chochitika chenicheni. Ili mu java.util.concurrent kuyambira Java 5 mu 2004, ntchito yomwe anatsogolera Doug Lea, sufunika laibulale ina iliyonse. Umapanga latch ya 1, kutanthauza yodikira chochitika chimodzi, mu callback (khodi yomwe imaitanidwa ntchito ikatha) umaitana countDown, mu test umaitana await ndi malire a masekondi 2, ntchito ikatha mu ma millisecond 30 test imapitirira pomwepo osadikira zotsalazo. Komanso chilichonse chomwe thread inalemba isanaitane countDown chimaoneka kwa yemwe wadzuka pa await, vuto la mawonekedwe a deta lija latha pamenepo.

Koma ili ndi misampha itatu yomwe ndaiona mu khodi ya anthu kambirimbiri. Woyamba, await yokhala ndi malire imabweza false nthawi ikatha, siiponya exception, ndiye ukaiwala kuikulunga mu assertTrue test imapitirira ngati zonse zili bwino. Wachiwiri, await yopanda malire, callback ikapanda kubwera build imangoima mpaka wina aiphe. Wachitatuwu ndi woopsa kwambiri, kulemba assertEquals mkati mwa callback. AssertionError ija imaponyedwa pa thread ya ntchito, pomwe JUnit yoyendetsa ma test ikuyang'ana thread ya test, ndipo ngati ntchitoyo inatumizidwa ndi submit cholakwacho chimangogona mu Future yomwe palibe akuifunsa. Test ikuonetsa zobiriwira pomwe khodi ndi yolakwika. Chochita n'chakuti mu callback sungani zotsatira mu AtomicReference, kenako assert ichitikire pa thread ya test latch itatseguka. Ngati muli pa Java 8 kupita mtsogolo, CompletableFuture imagwira ntchito ziwirizi pamodzi, callback ikuitana complete ndi zotsatira, test ikuitana get ndi malire, nthawi ikatha imaponya TimeoutException yokha, palibe boolean yoiwala. Masiku ano pomwe pali callback ndimathamangira imeneyi.

Nanga pomwe palibe callback yoti ulowetsemo dzanja? Mwachitsanzo uthenga wapita ku Kafka (pulogalamu yodutsitsa mauthenga pakati pa ma service), consumer wolandira mauthengawo auwerenga pa nthawi yake, iwe ukungofuna kuona mzere utalowa mu database. Apa ndi pa Awaitility, laibulale ya Johan Haleby. Imafunsa mobwerezabwereza, mosasintha kanthu imayang'ana ma millisecond 100 aliwonse mpaka masekondi 10, ndipo untilAsserted imakulola kulemba ma assert ako amasiku onse, ikalephera imakuuza chomwe chinasiyana komaliza. Kuwerenga kwake n'kosavuta kuposa latch, munthu watsopano mu timu amamva msanga. Koma musaganize kuti ikukonzerani thread safety. Imayendetsa funso lanu pa thread yake, ndiye ngati ikuwerenga ArrayList yomwe thread ina ikulembamo mutha kukumana ndi ConcurrentModificationException, gwiritsani ntchito CopyOnWriteArrayList kapena ConcurrentLinkedQueue. Komanso zinthu zosungidwa mu ThreadLocal (zooneka kwa thread imodzi yokha), monga transaction ya Spring mu test, sizioneka pa thread imeneyo pokhapokha muike pollInSameThread. Ndipo chinthu chomwe chimakhala choona kanthawi kochepa n'kusinthanso, Awaitility ikhoza kuchiphonya pakati pa mafunso awiri.

Njira yomwe ndimalimbikitsa kwambiri siidikira n'komwe. Class yanu isamapange yokha ma thread, izilandira Executor, chomwe chimayendetsa ntchito zomwe chapatsidwa, kudzera mu constructor, ndiye mu test mumaipatsa Runnable::run kapena directExecutor ya laibulale ya Guava, ntchito yonse imachitikira pa thread imodzi motsatana, palibe malire a nthawi, palibe kugwa kwa mwadzidzidzi. Pa ma test oyesa ngati uthenga uli ndi ndalama zolondola ndi dzina lolondola, iyi ndiye yoyenera, thread ilibe ntchito pamenepo. Chongokumbukira n'chakuti imabisa mpikisano weniweni, count++ ija yomwe ndi masitepe atatu, kuwerenga, kuonjezera, kulemba, idzadutsa nthawi zonse pa thread imodzi n'kudzataya manambala pa seva yeniyeni. Zoterezo zimafuna AtomicInteger mu khodi, ndipo ngati mukufunadi kuyesa mpikisano pali jcstress ya OpenJDK yomwe inapangidwira zimenezo.

Pa test yanga ya malipiro ija ndinaigawa pawiri. Zonse zokhudza zomwe zili mu uthenga ndinaziika pa Runnable::run, ndinasiya test imodzi yokha yoyenda pa thread pool yeniyeni ndi CompletableFuture ya masekondi 2, ndipo list ija ndinaisintha kukhala CopyOnWriteArrayList. Ndinaiyendetsa ka 500 ndi RepeatedTest ya JUnit 5 pa seva ya CI yomweyo, siinagwe ngakhale kamodzi.