Laibulale ya Benson ku Austin: nkhokwe ya mbiri ya anthu otchedwa Latino

Munthu amene wayamba maphunziro okhudza anthu otchedwa Latino sachedwa kumva dzina la Benson, chifukwa aphunzitsi a mbiri yakale, a zinenero, a malamulo ndi a zolembalemba onse amaloza komweko. Dzina lake lonse ndi Nettie Lee Benson Latin American Collection, ndipo ndi laibulale ya University of Texas mumzinda wa Austin, m'nyumba ya Sid Richardson Hall, moyandikana ndi laibulale yosunga zikalata za pulezidenti wakale wa United States, Lyndon B. Johnson. Ndinakawerengako kwa masabata atatu, ndipo chichokere kumeneko ndakhala ndikugwiritsa ntchito zimene anaika pa intaneti, kotero ndikulemba monga munthu amene analawako mbali zonse ziwiri za ntchito yawo.

Ndiyambe ndi mayina, popeza amasokoneza alendo ambiri. Mawu oti Hispanic amanena za anthu amene mizu yawo ili m'mayiko olankhula Chisipanishi, ndipo boma la United States linayamba kuwafunsa kwa aliyense pa kalembera wa 1980. Mawu oti Latino, amene analowa m'kalembera wa 2000, amaloza ku Latin America, motero amakhudzanso anthu a ku Brazil amene amalankhula Chipwitikizi. Pali enanso, ochokera m'mabanja a ku Mexico, amene m'zaka za m'ma 1960 anasankha kudzitcha Chicano pomenyera ufulu wawo. Pofufuza m'kaundula wa laibulaleyi ndi bwino kuyesa mayina onsewa, chifukwa chikalata chilichonse chimatchula anthu ndi dzina la m'nthawi yake.

Maziko a laibulaleyi ndi mabuku a katswiri wa mbiri yakale wa ku Mexico, Genaro García, amene yunivesite inagula mu 1921 mwini wake atamwalira chaka chapitacho. Anali mabuku pafupifupi 25,000, kuphatikizapo milu ya zolemba pamanja. Dzina limene ili nalo lero ndi la mayi amene anaitsogolera kuyambira 1942 mpaka 1975, amenenso ankayenda okha m'mayiko a ku Latin America kukagula mabuku amene sakanafika ku Texas mwa njira ina iliyonse. Lero muli mabuku, magazini ndi timabuku pafupifupi miliyoni imodzi.

Kagwiridwe ka ntchito n'kosavuta kuzolowera. Mabuku wamba munthu amawerenga ngakhale asali wophunzira wa pa yunivesiteyi, koma zikalata zakale zili ndi chipinda chakechake, momwe umayamba walembetsa dzina, n'kusiya chikwama, n'kulowa ndi pensulo m'malo mwa cholembera cha inki. Mndandanda wa zimene zili m'bokosi lililonse uli pa intaneti, pa tsamba lotchedwa TARO, ndipo amene wauwerenga asanafike amapulumutsa masiku ambiri. Ogwira ntchito amene ndinakumana nawo ankalankhula Chingerezi ndi Chisipanishi mofanana, ndipo chimene ndinayamikira koposa n'chakuti ukawafunsa za bokosi limodzi, iwo amakufunsa chimene ukufunadi kudziwa, kenaka n'kukulozera bokosi lina limene iwe sunaliganizire n'komwe.

Chuma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mapu a Relaciones Geográficas, amene anafika mu 1937 pamodzi ndi zikalata zimene anasonkhanitsa katswiri wina wa mbiri yakale wa ku Mexico, Joaquín García Icazbalceta. Mu 1577, pa ulamuliro wa mfumu Philip II ya ku Spain, anatumiza mafunso 50 ku matauni a m'madera amene dzikolo linkalamulira, ofuna kudziwa za mitsinje, mbewu, matenda, zinenero ndi mafumu akale a dera lililonse. Mayankho anabwera pakati pa 1579 ndi 1585, ndipo mapu ambiri anajambulidwa ndi eni nthaka, osati Asipanishi. Benson ili ndi mapu otere oposa 30. Pa mapu a Teozacoalco a mu 1580, ochokera kwa anthu a mtundu wa Mixtec ku Oaxaca, dera la ku Mexico, dera lonse analijambula lozungulira ngati lichero, misewu anaisonyeza ndi mapazi a munthu, ndipo pambali pali mizere ya mafumu ndi akazi awo atakhala moyang'anizana, m'badwo pamwamba pa m'badwo. Mfumu ya kutali inafunsa za malire ndi chuma, koma wojambulayo anayankhanso funso limene linali lofunika kwa anthu ake, lakuti dzikoli ndi la yani ndipo anabereka ndani. Mapu amenewa ndi amene anathandiza katswiri Alfonso Caso mu 1949 kumasulira mabuku akale a zithunzi a Amixtec. Ine ndinawaona pa kompyuta, pa zithunzi zimene umatha kukulitsa mpaka kuona pamene utoto unatha mphamvu, ndipo ndinakhala pamenepo masana onse. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake maphunzirowa sangakhale a nthambi imodzi: pepala limodzi lomwelo likufuna wodziwa mbiri, wodziwa chinenero, wodziwa zojambula ndi wodziwa malamulo a malo.

Mbali ya anthu a ku United States komweko inakula kuchokera mu 1974, pamene anayambitsa ntchito yosonkhanitsa zolemba za anthu a mizu ya ku Mexico. Tisaiwale kuti Texas inali mbali ya Mexico mpaka 1836, ndipo pangano la Guadalupe Hidalgo la 1848, limene linathetsa nkhondo ya pakati pa Mexico ndi United States, linasiya mabanja ambiri olankhula Chisipanishi m'dziko latsopano asanasunthe ngakhale phazi. Muli zikalata za bungwe la LULAC, lomenyera ufulu wa anthu otchedwa Latino, limene linakhazikitsidwa ku Corpus Christi ku Texas mu 1929, muli za Américo Paredes amene anafufuza nyimbo za anthu a m'malire, ndiponso za mlembi Gloria Anzaldúa amene anamwalira mu 2004. Ine ndinathera nthawi yambiri pa makalata a George I. Sánchez, mphunzitsi amene anatsutsa mchitidwe woyesa nzeru za ana olankhula Chisipanishi ndi mayeso a m'Chingerezi, kenaka n'kuwatcha ofooka m'mutu. Aliyense amene analangidwapo ku pulayimale chifukwa cholankhula chinenero cha amayi ake adzawerenga makalata amenewa mtima ukugunda.

Komabe pali funso limene mlendo woganiza sangalithawe. Kodi n'koyenera kuti mapu a tauni ya ku Oaxaca asungidwe ku Texas, kumene mdzukulu wa wojambula uja amafunika chiphaso cholowera m'dziko kuti akawaone? Zinthuzi zinagulidwa, sizinalandidwe, koma amene anali ndi ndalama ndiye anatenga, ndipo ine sindiona kuti kugula kumathetsa nkhaniyi. Chimene chimandichititsa kuiyamikira Benson ya masiku ano n'chakuti inayamba njira ina. Kuyambira pamene inagwirizana ndi nthambi ya maphunziro a Latin America yotchedwa LLILAS mu 2011, yakhala ikugwira ntchito ndi mabungwe a m'mayiko monga Guatemala, El Salvador ndi Nicaragua mwanjira yakuti mapepala enieniwo amatsala kwa eni ake, ndipo ku Austin kumasungidwa zithunzi zake zokha.

Chitsanzo chachikulu ndi zikalata za apolisi a ku Guatemala. Mu 2005 mumzinda wa Guatemala City munapezeka masamba pafupifupi 80 miliyoni a apolisi, ambiri okhudza nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya 1960 mpaka 1996, imene bungwe lofufuza zoona linapeza kuti inapha kapena kusowetsa anthu pafupifupi 200,000. Mu 2011 yunivesiteyi inaika pa intaneti masamba oposa 10 miliyoni. Zikalata za m'nkhokwe imeneyi zinagwiritsidwa ntchito m'khoti mu 2010 pa mlandu wa Fernando García, wophunzira ndi mtsogoleri wa ogwira ntchito amene anasowetsedwa mu 1984, ndipo apolisi awiri akale anapezeka olakwa. Kufufuza m'masamba amenewa kumafuna kuleza mtima, chifukwa anasanjidwa motsatira maofesi a apolisi amene anawalemba, osati motsatira mayina a anthu osowawo.

Ntchito ina imene ndimaitsegula kawirikawiri ndili kwathu ndi AILLA, nkhokwe ya mawu ojambulidwa a zinenero za eni nthaka a ku Latin America, imene inayamba mu 2000 motsogozedwa ndi Joel Sherzer, katswiri amene anagwira ntchito pakati pa anthu a mtundu wa Kuna ku Panama. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo muli nthano, nyimbo, mapemphero ndi macheza m'zinenero mazanamazana. Zina n'zotseka mwadala, chifukwa amene anazipereka anaika malire a amene angamvere, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino, pakuti si mwambo uliwonse umene uli wa pabwalo.

Amene akuganiza zopitako adziwe zinthu ziwiri. Popanda Chisipanishi munthu amangoyenda m'mphepete mwa chumachi, ndipo zolemba pamanja za m'zaka za m'ma 1500 zimafuna maphunziro apadera ngakhale kwa amene anabadwa nacho chinenerocho. Komanso mphamvu ya Benson pa nkhani za Latino yagona pa Mexico ndi Texas, kotero wofufuza za anthu a ku Puerto Rico adzapindula kwambiri ku Centro, malo ofufuza za anthuwa a pa Hunter College ku New York, ndipo wofufuza za anthu a ku Cuba ayambire ku Cuban Heritage Collection ya pa University of Miami. Kwa wina aliyense, langizo langa n'lakuti alembere ogwira ntchito kalata asananyamuke, atchule mabokosi amene akufuna, ndipo pamene akudikira yankho atsegule mapu a Teozacoalco pa kompyuta yake n'kutsatira mapazi aja kuchokera pa tchalitchi cha pakati mpaka kumalire.