Krita pa laputopu yakale: chithunzi chikakana kusintha pa sikirini musathamangire kufomata

Amene mumapanga maposita a ukwati, mabana a tchalitchi kapena mumangokonda kujambula pa kompyuta, pulogalamu yojambulira ya Krita ine ndikuti itengeni. Ndi yaulere pa krita.org, palibe za crack kapena kauthenga ka layisensi kotulukira pakati pa ntchito, ndipo imagwira pa Windows, Linux ndi Mac. Amaipanga ndi anthu a KDE, gulu lopanga mapulogalamu aulere, kumbali ya ndalama kuli Krita Foundation ya ku Netherlands, ofuna kuthandiza atha kuigula pa Steam kapena Microsoft Store koma pulogalamu yake ndi yomweyi. Mabulashi ake ndi abwino kwambiri, ma layer (magawo osanjikizana a chithunzi) akuyenda bwinobwino, za izi sindichulutsa chifukwa aliyense amene waigwirako akudziwa. Ndikufuna ndikambe chinthu chimodzi chimene chimathawitsa anthu sabata yoyamba yomwe, chifukwa ndi pomwe ndinaonera kuti pulogalamuyi anaiganizira bwino.

Vuto lake limaoneka chonchi. Mwatsegula canvas, malo oyera ojambulapo aja, mukukoka mzere ndi mausi kapena cholembera koma pa sikirini zii, palibe chikutuluka. Mukapanga zoom pang'ono kapena kutsitsa windo nkuikwezanso, mizere yonse ija imangoti mbwee kamodzi. Kwa ena canvas imakhala yakuda bii, kwa ena pamatsala timabokosi ta chithunzi chakale pakati pa chatsopano, kapena mwatseka menu koma chithunzi cha menu chikadali pompo ngati sinatsekedwe. Pa laputopu yanga ya kaunjika zinali za timabokosizi, theka la nkhope ya mkwatibwi likuoneka ndi mtundu watsopano, theka lina likadali momwe linalili ndisanakhudze, ndipo bwana wa ntchitoyo akudikira pa WhatsApp. Ndinapita nayo pa shopu ina yokonza makompyuta mtauni, mnyamata wake sanaitsegule nkomwe pulogalamuyo, anangoti "akulu iyi ndi vayirasi, tifomate basi." Ndinakana, ndipo ndikupempha inunso mukane, chifukwa kufomata kumangokubwezerani Windows yomweyo ndi driver yemweyo (kapulogalamu koyendetsa chipangizo cha mu kompyuta), ndalama yapita vuto lili pompo.

Choyamba kudziwa nchakuti ntchito yanu siinaonongeke. Chithunzi chenicheni chili bwinobwino mu memory, chimene chalephera ndi kuchionetsa pa sikirini. Mukafuna kutsimikiza pangani export kukhala PNG nkutsegula ndi pulogalamu ina yoonera zithunzi, muona mizere yonse ilimo. Ndipo apa Krita ili ndi kanthu kena kamene ndimakakonda, fayilo yake ya .kra ndi zip chabe, mukaikopera pambali nkusintha dzina kumapeto kukhala .zip, mkati mupezamo mergedimage.png, chithunzi chonse ma layer ataphatikizidwa. Ndiye ngakhale pulogalamu itakaniratu kutseguka tsiku la deadline muli ndi chotumiza kwa kasitomala.

Nanga chimachitika nchiyani? Windo iliyonse pa kompyuta siikhala yojambulidwa kamodzi nkukhala choncho ayi, pakasintha chinthu pulogalamu imayenera kujambulanso kachigawo kasinthako. Amene munagwiritsako Windows XP mukukumbukira pulogalamu ikaima mumakoka windo ina pamwamba pake nkumasiya mzere wa mawindo ambirimbiri kumbuyo, chinali chomwechi, ya pansiyo yalephera kudzijambulanso. Kuyambira Windows Vista zija zinachepa chifukwa windo iliyonse inayamba kusungidwa payokha kenako nkuphatikizidwa. Koma pulogalamu yojambulira ngati Krita imafuna liwiro, ndiye canvas imaipereka kwa graphics card, kachipangizo koonetsa zithunzi pa sikirini, kudzera mu OpenGL, chinenero cholankhulira ndi card, kuti zoom ndi kutembenuza chithunzi ziziyenda mosagwiragwira. Pakati pa pulogalamu ndi card pali driver. Driver akakhala wakale kapena wosagwirizana ndi Windows imene mwaika, uthenga woti jambulanso apa umatayika panjira, kapena umafika theka.

Ndipo kuno izi zimatipeza kwambiri chifukwa malaputopu ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, anabadwa nthawi ya Windows 7 koma wogulitsa waikamo Windows 10 kuti aoneke atsopano. Mwachitsanzo Intel HD Graphics 3000, ya m'ma Core i3 ndi i5 a 2011, ilibe driver wa Windows 10 wochokera kwa eni ake, imayendera wakale. Pa Word ndi Facebook simungazindikire kanthu. Mukatsegula pulogalamu yofuna OpenGL mpamene zimaonekera.

Apa ndi pamene ndimaipatsira ulemu Krita. Pitani pa Settings, kenako Configure Krita, kenako Display. Pamenepo pali Canvas Graphics Acceleration ndi kabokosi kolembedwa Preferred Renderer, posankhira njira imene Krita imalankhulira ndi card. Pa Windows mutha kusankha OpenGL kapena Direct3D 11 via ANGLE. ANGLE ameneyu ndi wa Google, yemweyo amene Chrome imagwiritsa ntchito, ndipo mu Krita analowa mu 2017 pa version 3.3. Ntchito yake ili ngati ya womasulira kutchalitchi, mlaliki akulankhula chinenero chimene mpingo ukumva movutikira, iye nkumapereka mau omwewo m'chinenero cha anthuwo. Krita ikulankhula OpenGL, ANGLE nkumasandutsa Direct3D, imene ma driver a Windows amaimva bwino chifukwa ndi njira ya Microsoft yomwe. Ine ndinangosintha pamenepo, kutseka Krita nkuitsegulanso, timabokosi tonse tinatha. Kutseka nkutsegulanso musaiwale, pa kabokosi pomwepo analembapo kuti pamafunika restart, ambiri amasintha nkuyesa pompo nkumati sizinathandize.

Ndiye ngati muli kale pa ANGLE ndipo zikuvutabe, yesani mbali inayo, bwererani ku OpenGL, makina amasiyana, palibe imodzi imene ndi yabwino kwa onse. Patsamba lomwelo pali Use Texture Buffer, chotsani chizindikiro muone. Palinso Scaling Mode, kuichotsa pa High Quality Filtering kuika pa Bilinear kumapepukitsa ntchito ya card yofooka, chithunzi chimaoneka chokhakhala pang'ono mukachichepetsa pa sikirini koma fayilo yake siikhudzidwa.

Chinthu china chimene anthu amachisokoneza ndi vutoli ndi Instant Preview. Mukamajambula ndi bulashi yaikulu pa canvas yaikulu, Krita imayamba yaonetsa mzere wongoyerekeza mwachangu kenako nkuwerengera weniweni pambuyo, ndiye mukakweza cholembera mzere umaphethira nkusintha maonekedwe pang'ono. Limenelo si vuto la driver, anachita dala. Ngati zikukunyansani zimitsani pa View pa Instant Preview Mode. Ine pa maposita ndimaizimitsa chifukwa ndimafuna ndione m'mphepete mwa zilembo momwe mulili nthawi yomweyo, koma ojambula pa canvas yaikulu ndi makina ofooka iwathandiza.

Pali nthawi zina zimafika poipa, mwasintha renderer ndiye windo yonse yada, ngakhale menu sakuoneka, mubwerera bwanji ku Settings? Musaope. Tsekani Krita, dinani batani la Windows ndi R, lembani %LOCALAPPDATA% nkudina Enter, mupeza kafayilo kotchedwa kritadisplayrc. Kameneka ndi kamene kamasunga zosankha za Display, ndipo anakasiyanitsa ndi kritarc kamene kamasunga zosankha zina zonse. Kafufuteni kapena kasintheni dzina, Krita ikatseguka ipanga katsopano. Mabulashi anu ndi ma shortcut sizikhudzidwa. Pa Linux kali mu foda ya .config. Amene anaganiza zokapatula kafayiloka anadziwa kuti tsiku lina munthu adzatsekeredwa kunja, ndipo zoterezi ndi zimene zimandichititsa kukhulupirira pulogalamu.

Za driver nazo musazisiye. Tengani watsopano pa webusaiti ya amene anapanga card kapena laputopu, osati timapulogalamu tija tolonjeza kukonza ma driver onse ndi kudina kamodzi, timeneto timabwera ndi zinyalala zambiri. Bandulo idyekapo ndithu koma ndi kamodzi. Ngati laputopu yanu ili ndi ma card awiri, ya Intel ndi ya Nvidia, lowani mu Graphics settings ya Windows muuze kuti Krita iziyendera iti, chifukwa nthawi zina imagwera pa yofookayo makamaka mukakhala pa batire magetsi atazima. Ndipo sikirini ikangouma mwadzidzidzi pakati pa ntchito, dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, kumveka kabipu sikirini nkuphethira, driver wadzutsidwanso popanda kuzimitsa kompyuta. Komabe sevani kaye ngati zikutheka.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Mau a pa Display ndi a akatswiri okhaokha, renderer, texture buffer, trilinear, munthu amene wangoyamba kujambula sangaganize kuti canvas yakuda ikukhudzana ndi zimenezi, bwenzi pali kabatani kooneka msanga kapena kauthenga kolozera komweko. Chachiwiri, njira yomaliza ngati zonse zakanika ndi kuzimitsiratu Canvas Graphics Acceleration, ndipo inde chithunzi chimayamba kuoneka molondola koma ntchito yonse imagwera purosesa, zoom imayamba kugwiragwira, kutembenuza canvas kumalemera, Instant Preview nayo siigwira. Pa kaposita ka A4 ka ma layer ochepa mupirira, koma bana yaikulu ya kutsogolo kwa tchalitchi pa makina a RAM ya 4 GB mutopa nayo, fani ikulira laputopu ikutentha pamiyendo. Pamenepo pulogalamu yachita mbali yake, chatsala ndi makina, ndipo kuwonjezera RAM nkwanzeru kuposa kulipira wofomata. Chachitatu, pa ntchito ya zilembo zambiri ngati pulogalamu ya mwambo wa ukwati ya masamba angapo, Krita si malo ake, inapangidwira kujambula, zimenezo ndimapangira ku Inkscape kapena Scribus nkubweretsa kuno zithunzi zokha.

Mukafuna kufunsa thandizo kwa odziwa, pa Help pali Show system information for bug reports, imatulutsa dzina la card, version ya driver ndi renderer imene ikugwira, koperani zonsezo mutumize limodzi ndi funso lanu. Chithunzi cha vutolo jambulani ndi foni, chifukwa screenshot nthawi zina imatuluka yabwinobwino pomwe maso anu akuona timabokosi, ndiye okuthandizani aziti palibe vuto.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4, imodziyo ndachotsera mau ovuta aja ndi kulemera kwake acceleration ikazima. Amene mukuitenga koyamba pa laputopu yakale, musanayambe ntchito ya kasitomala tsegulani canvas, kokani mizere ndi bulashi yaikulu, pangani zoom, tsegulani menu nkutseka, muone ngati zonse zikusintha nthawi yomweyo. Palinso ya portable ya zip yosafuna kuinstola, mutha kuiika pa flash nkukaiyesera pa laputopu ya wogulitsa musanapereke ndalama.