Blender kwa woyamba kumene: ndi yabwino, koma musankhe yoyenera laputopu yanu

Kalipentala wa pa Dedza boma akafuna kuonetsa kasitomala mmene kabati idzaonekere, amang'amba pepala m'kope n'kujambula ndi pensulo. Kasitomala amavomera, koma tsiku lodzatenga katundu mumamva "sindinkafuna chonchi ine." Pulogalamu youmbira zinthu za 3D imachepetsa mkangano wotere, chifukwa munthu amaiona kabatiyo kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba thabwa lisanadulidwe. Pa mapulogalamu aulere omwe alipo, woyamba kumene wa kuno ayambe ndi Blender, ngakhale kuti si yofewa.

Ambiri amalangiza Tinkercad ya Autodesk kapena SketchUp yaulere ija. N'zosavuta ndithu, koma zonse ziwiri zimayendera mu browser, zimafuna akaunti, ndipo bandulo ikatha ntchito imaima pomwepo. Blender inakhala yaulere kwa aliyense mu 2002, motsogozedwa ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands, ndipo sifuna akaunti kapena intaneti. Yatsopano imaposa 300 MB, koma pa blender.org pali ya zip yosafunika kuikidwa: mmodzi akatsitsa, enanu mumangokopera pa fulashi, kumasula chikwatu n'kutsegula blender.exe. Kwa anyamata a ku Linthipe kapena ku Lizulu, chimenechi chokha chikuiika patsogolo.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa mtundu wake. Blender 4 imafuna RAM ya 8 GB ndi graphics (gawo la kompyuta lojambula zithunzi) zodziwa OpenGL 4.3, chilankhulo chimene Blender imalankhulira ndi gawolo. Laputopu yakale yogula kwa wina imangothwanimitsa windo lakuda n'kutseka, mwini wake n'kuganiza kuti fayilo ili ndi vairasi, pamene vuto ndi makina. Zikatero tsitsani 3.6, imene imafuna OpenGL 3.3 yokha. Amene akadali pa Windows 7 aimire pa 2.92. Ya 2.79 imatseguka pa makina okalamba zedi, koma maonekedwe a Blender anasinthiratu mu 2019, ndiye makanema ambiri a pa YouTube sadzagwirizana ndi zomwe mukuona.

Gulani mausi ya gudumu pakati. Popanda iyo mudzaida Blender pachabe, pakuti kuzungulira chinthu ndi kudina gudumulo, kusuntha ndi Shift pamodzi ndi gudumu. Ngati laputopu ilibe manambala a kumanja, pitani ku Edit, Preferences, Input muchonge Emulate Numpad, kuti 1 azionetsa kutsogolo, 3 m'mbali, 7 pamwamba.

Muiyese pa tebulo, la 120 cm m'litali, 60 m'lifupi, 75 kutalika. Mukatsegula mumapeza kabokosi pakati, ndipo kamaoneka kakang'ono koma ndi ka mamita awiri mbali zonse. Ku Scene Properties, pa Units, sinthani Length ikhale Centimeters. Dinani N, kumanja kutuluka Dimensions, mulembe 120, 60 ndi 3, kenako pa Location Z mulembe 73.5. Chifukwa cha nambala yachilendoyi n'chakuti Blender imayeza kuchokera pakati pa chinthu, ndiye thabwa la 3 cm lokhala pa miyendo ya 72 cm pakati pake pali pa 73.5. Mwendo: Shift+A, Mesh, Cube, miyeso 5, 5 ndi 72, Location X 55, Y 25, Z 36.

Musapange miyendo inayi. Mwendo uli chisankhidwire, dinani Ctrl+A musankhe All Transforms, kenako muike Mirror modifier, chida chokopera chinthu ku mbali inayo ngati galasi, n'kuyatsa X ndi Y. Itatu inayo iphuka yokha. Mukaiwala Ctrl+A palibe chioneke, chifukwa Mirror imayang'ana kadontho ka mtundu wa lalanje kamene kali pakati pa chinthu, ndipo kadonthoko kamakhala katasamuka limodzi ndi mwendo. Ctrl+A yomweyi ndi imene imakonza vuto lina: mukalowa Edit Mode ndi Tab n'kusalaza m'mphepete mwa thabwa ndi Ctrl+B musanadine Ctrl+A n'kusankha Scale, mbali ina imadyeka kwambiri, ina pang'ono.

Cholakwika chobisika kwambiri chili pa E, wotulutsira nkhope (mbali yosalala) ya chinthu kunja. Munthu amadina E, n'kusintha maganizo, n'kudina kumanja kwa mausi poganiza kuti wafufuta. Sanafufute. Nkhope yatsopano yatsala pamwamba pa yakale, ndipo patsogolo pamabuka mabanga akuda ndi mizere yokana kudulika. Mukasintha maganizo dinani Ctrl+Z. Ngati zachitika kale, A kusankha zonse, M, By Distance.

Pa nkhani ya magetsi Blender anaiganizira bwino. Imadzisungira yokha mphindi ziwiri zilizonse, ndipo laputopu ya batire lakufa ikazima mumapita ku File, Recover, Auto Save. Musazengereze, pakuti mafayilowo amakhala m'chikwatu cha temp chimene Windows imatha kusesa. Ctrl+S ikhalebe chizolowezi.

Chithunzi chotumiza kwa kasitomala pa WhatsApp chimatuluka ndi F12, koma sichidzisunga chokha. Pitani ku Image, Save As. Injini zotulutsira chithunzichi zilipo zitatu: Cycles imatulutsa zokongola, mpaka mizere ya paini n'kuoneka ngati yeniyeni, koma imatenthetsa laputopu ndi kuchedwa. Eevee ndi yachangu. Makina ofooka agwiritse Workbench, yokwanira kuonetsa maonekedwe a chinthu.

Zoipa zake zilipo. Chichewa mulibe, ndiye mudzadalira Chingerezi, ndipo mabatani ndi ochuluka moopseza, poti pulogalamu yomweyi imapanganso makatuni ndi kudula makanema. Theka la zomwe mukuona simudzalikhudza. Choipa chachikulu n'chakuti Blender sinapangidwire miyeso ya ku shedi. Sikumbukira kuti bowo liyenera kukhala 2 cm kuchokera m'mphepete, ndiye mukatalikitsa thabwa ndi S, bowolo limafutukuka nalo. Kutulutsa pepala la miyeso loti mnyamata adulire matabwa n'kovutanso.

Wojambula, woumba makapu ndi miphika, wosema, kapena kalipentala wongofuna kuonetsa kasitomala chithunzi, Blender imukwanira. Wowotcherera mafelemu a mawindo ndi mageti, amene milimita imodzi imamuonongera chitsulo, atenge FreeCAD. Nayo ndi yaulere, sifuna intaneti, mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2024, ndipo gawo lake la TechDraw limatulutsa pepala la miyeso loti musindikize pa A4.