Miyezi 20 m'nyumba yogula pang'onopang'ono pa Dedza boma

Mu June 2023 ndinalemba mosangalala kuti ndapeza njira yokhalira ndi nyumba yangayanga popanda ngongole ya kubanki. Tinapangana ndi alandilodi kuti nyumba ya zipinda zitatu, m'munsi mwa phiri la Dedza, ndi K9 miliyoni, ndizipereka K150,000 pamwezi kwa zaka zisanu ndikukhalamo, ndikamaliza ikhale yanga. Ena munati ndidzakuuzeni mmene zayendera. Ndikadali m'nyumbamo, koma zimene ndaona si zamasewera.

Miyezi isanu yoyamba kunali zii. Ndinasintha malata asanu ndi limodzi amene ankadontha, n'kuikanso magalasi m'mawindo, poti mphepo ya kuno mu July sinyengerera munthu. Kenako mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Sabata isanathe, alandilodi anafika madzulo, anakhala pakhonde, anvekere: "Aphunzitsi, simenti yakwera, zonse zakwera. Zimene mwaperekazi tiziwerenge ngati lendi, za mtengo wa nyumba tikambiranenso." Mtima unangoti myuu.

Chinandipulumutsa ndi pepala lolemba pamanja, masamba awiri okha. Tsiku losainirana amalume anga anakakamira kuti mulembedwe mtengo wonse, kuti sudzasintha, komanso kuti ndalama ya mwezi uliwonse ndi gawo la mtengo wogulira nyumba, osati lendi. Ine ndinkachita manyazi, ndinkaona ngati tikumukayikira munthu wamkulu. Panali mboni ziwiri mbali iliyonse ndi chidindo cha amfumu. Ndilinso ndi kope lachikuto cholimba, momwe ndimalemba tsiku ndi nambala ya uthenga wa Airtel Money, iwo n'kusaina pambali. Amfumu atawerenga pepalalo mokweza n'kutsegula kopelo tsamba ndi tsamba, nkhani inathera pomwepo.

Vuto lachiwiri ndinalipalamula ndekha, chifukwa sindinafunse kuti nyumbayi mwini wake weniweni ndani. Mu August 2024 kunabwera mayi wina, mlongo wawo wa alandilodi. Anandipatsa moni mwaulemu ndithu, kenako anati: "Mayi, nyumba muli inuyi ndi ya malemu mayi athu. Ana tilipo atatu, ndipo awirife sitinauzidwe kuti ikugulitsidwa." Sankanama. Nditapita kukafufuza ku ofesi ya zamalo, ndinapeza kuti pulotiyi ikadali m'dzina la malemuwo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limapereka gawo kwa ana onse, ndipo mwana mmodzi sangagulitse payekha katundu amene ena alinso ndi gawo. Pepala langa lija, ndi chidindo chake chomwe, linali losainidwa ndi munthu amene analibe mphamvu yogulitsa yekha. Zimenezi ndikanazidziwa ndisanapereke ngakhale tambala, pongopempha kuona mapepala a puloti.

Miyezi itatu sindinkagona tulo. Mwamwayi alongo awiriwa sankafuna nyumbayo, ankafuna gawo lawo la ndalama. Banja linakatenga kukhoti kalata yoyendetsera chuma cha malemu, ndipo tinalemba pangano latsopano kwa loya, ana onse atatu n'kusaina. Ndalama tsopano ndimaika ku akaunti ya kubanki imene amasainira anthu awiri. Tinawonjezamo mfundo zimene poyamba sindinaziganizire: ndikalephera kulipira andidikire miyezi itatu, pangano likathetsedwa ndisanamalize kulipira andibwezere ndalama zanga atachotsapo lendi ya K60,000 pamwezi, ndipo ine nditamwalira ana anga apitirize pomwe ndasiyira. Amene sangakwanitse kulipira loya akayambe afunsa ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa nkhani zamalamulo.

Kodi ndingamuuze mnzanga kuti achite zomwezi? Inde, koma akaona kaye dzina limene lili pa mapepala a puloti, ndipo asakhome msomali ngakhale umodzi onse oyenera kusaina asanasaine. Ine ndapereka K3 miliyoni, yatsala miyezi 40. Khitchini yapanja imene ndinkafuna kumanga ndaiimitsa kaye mpaka dzina lidzasinthidwe.