Hugin, PTGui kapena Lightroom: polumikiza zithunzi zikuluzikulu za panorama

Anzanga ojambula akhala akundifunsa pulogalamu imene ndinalumikizira panorama ya phiri la Mulanje (chithunzi chachitali chopangidwa polumikiza zithunzi zambiri), ndiye ndiyankhe pano kamodzi.

Ndinayamba ndi kapulogalamu kena kolembedwa kuti n'kaulere. Ndinaikamo zithunzi 60, kompyuta n'kugwira ntchito usiku wonse. M'mawa ndikuti ndisunge, akuti ndilipire kaye, apo ayi nditenge kachithunzi kakang'ono kokhala ndi chidindo pakati. Zinandiwawa kwambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndafufuza zimene pulogalamu idzandilole kutulutsa pamapeto.

Lightroom ndiyo yosavuta, ndipo imakupatsani fayilo ya DNG yoti mupitirize kukonza kuwala. Koma imalekera pa mapikiselo 65,000 m'litali kapena 512 megapixel (mapikiselo 512 miliyoni), komanso malipiro ake satha, ngati lendi. Microsoft ICE inali yabwino, koma anasiya kuikonza itafika pa 2.0 ya 2015.

Mpikisano weniweni uli pakati pa Hugin ndi PTGui, zonse zochokera ku Panorama Tools, mapulogalamu olumikizira zithunzi amene analemba Helmut Dersch. Vuto lalikulu la panorama ndi thambo ndi madzi. Pulogalamu imalumikiza zithunzi pofufuza malo ofanana, ma control point, ndiye pathambo loyera kapena panyanja yabata imasowa pogwira. Chithunzicho chimatayika kapena kukakhala polakwika. Lightroom sikupatsani mpata woloza malowo ndi dzanja. Hugin imalola, ngakhale ntchitoyo imafuna kufatsa: mumasankha kansonga ka mtengo apa, mwala apo, mpaka mzere wa phiri utawongoka. PTGui imatha kungoyala zithunzizo m'mizere monga munazijambulira, imathamanga chifukwa imagwiritsa ntchito graphics card (kachipangizo ka m'kompyuta koyendetsa zithunzi), ndipo imasunga mu PSB, fayilo yaikulu ya Photoshop, imene imafika mapikiselo 300,000, pamene JPEG imalekera pa 65,535. Yoyeserera yake nayo imaika chidindo, koma amanena poyera musanayambe.

Palibe mwa izi imene ingakonze bwinobwino udzu wapafupi wosakumana ngati kamera sinazungulire pamalo oyenera a lenzi.

Wojambulira makasitomala zithunzi mazanamazana agule PTGui, ndalama yake idzabwerera. Ine ndikhalabe ndi Hugin. Imachedwa, maonekedwe ake ndi achikale, koma n'njaulere mpaka kumapeto, ndipo zithunzi 60 zija inandilumikizira zonse osandifunsa tambala.